Ndinatseka Mipata ndi Simenti

Mpingo wathu ulibe nyumba yakeyake. Timapemphera Lamulungu masana m'holo ya tchalitchi china chakale kufupi ndi Woolwich, eni ake akatha mapemphero awo a m'mawa. Ambiri mwa ife tinachokera ku Lusaka ndi kum'mawa kwa Zambia, ena ndi ana a anthu a ku Malawi amene anabadwira m'mafamu a ku Zimbabwe. Khomo lalikulu la holoyo lili ndi masitepe asanu ndi awiri. Koma kumbali kuli geti laling'ono lachitsulo, ndipo kuchokera pagetipo pali kanjira ka miyala yaphanthiphanthi kofika pakhomo la kumbali, kopanda sitepe ngakhale imodzi.

Kanjira kameneka ndi ka Amayi. Tonse timawatchula choncho, ngakhale amene ali ndi imvi kale. Anabadwira pa famu ya fodya, makolo awo anali a ku Dedza, ndipo anabwera kuno atakalamba kudzakhala ndi mwana wawo wamwamuna amene amayendetsa basi. Miyendo yawo inaleka kugwira ntchito, koma pakamwa pawo pali bwinobwino. Lamulungu lililonse mwana wawoyo amawakankha pa chikuku kudzera pageti laling'ono, iwo akuyamba kale nyimbo asanalowe, ndipo ife m'kati timangolandira.

Chaka chimene ndikunenachi, mwezi wa Okutobala uli kumapeto, mkulu wosunga makiyi a tchalitchicho anatidikira titaweruka. Ndi mzungu wokalamba, wamtali, wolankhula pansipansi ngati akuopa kudzutsa mwana. Anatiuza kuti mipata ya m'kanjira kaja yatha, ndipo iyenera kutsekedwa chisanu chisanafike. Ikapanda kutsekedwa, madzi alowa, miyala itukuka, ndiye iye adzakakamizika kukhoma geti mpaka nyengo yofunda. Anati akufunafuna mmisiri.

Sindinadikire kuti amalize. Ndinati mmisiri ali pompano.

Sindinaname. Ndinamanga nyumba zaka zambiri ku Lusaka, ndipo bambo anga analinso mmisiri kwathu ku Katete. Kungoti kuno ndimakankha mabedi a odwala m'chipatala chachikulu ku Edmonton. Ndimadzuka ku Thamesmead, kukwera basi, kukwera sitima, kukweranso ina, kukafika kuntchito yosafuna levulo kapena chingwe cha mmisiri. Manja anga anafewa moti mkazi wanga amati ndikhoza kumasambitsa makanda. Choncho mkulu wa makiyi atatchula mmisiri, mtima wanga unalumpha. Ndinaona kuti Ambuye andikumbukira, andipatsa kachigawo kanga pa nyumba yawo.

Tinapita kukayang'ana tonse awiri. Pakati pa miyala yambiri panali simenti wamba, yabwinobwino. Koma ukadutsa miyala inayi kapena isanu, unkapeza mpata wowongoka wodula njira yonse m'lifupi, wokwana chala chachikulu. Inalipo isanu ndi umodzi. M'mipata imeneyo munalibe simenti. Munali chinthu chakuda chonga labala, chong'ambikang'ambika, ndipo udzu unali utamera m'menemo. Mkuluyo analankhula zambiri, akuloza ndi kiyi. Anatchula zoti m'kanyumba ka zida muli machubu amene anagula kale. Ine ndinkangoti inde, inde. Chingerezi chake ndinachimva, sindinganamizire chilankhulo. Koma ndinali nditaona kale vuto ndi maso anga, ndipo mmisiri akaona vuto makutu ake amatseka. Machubu ajawo ndinaganiza kuti ndi a mawindo. Anandipatsa kiyi wa kanyumba ka zida, n'kunena kuti iye akhala kulibe milungu itatu, akupita kukaona mwana wake wamkazi kumpoto.

Loweruka m'mawa ndinafika ndi msomali waukulu ndi kuyamba kutokosa. Labala uja anatuluka ngati chikopa chowola. Nditafika pansi pake ndinapeza chinthu chimene chinandiimitsa mutu: siponji. Siponji yaitali yozungulira ngati chingwe, yoikidwa m'mpata wonse. Ndinaikoka, inabwera yonse ngati njoka yakufa. Ndinakhala pansi n'kuseka ndekha. Ndinati, kani kuba kuli konsekonse. Ku Lusaka ndinaonapo amisiri achinyengo akupakira mapepala a matumba a simenti m'mabowo, n'kupaka pamwamba pokha kuti simenti yotsala akagulitse. Sindinkadziwa kuti ngakhale kuno, panyumba ya Mulungu, munthu angaike siponji pamalo a simenti.

Muyenera kumvetsa mmene ndinaleredwera. Bambo anga akaona mng'alu pakhonde la nyumba imene amanga, chakudya sichinkawalowa. Kwathu mpata ndi khomo la chiswe. Ndi njira ya linthumbu, ndipo tsiku lina mupezamo kanjoka. Mpata suusiya, ndipo suutseka ndi chinthu chimene chala chingaboole. Umautseka ndi simenti yamphamvu, n'kuisalaza mpaka nyerere isowe polowera. Ndipo m'Malemba, kodi si mmene zilili? Ndinakula ndikumva za anthu aja anabwerera kwawo kuchokera ku ukapolo n'kupeza linga la mzinda wawo lili mipata yokhayokha, mmene anagawirana ntchito banja ndi banja mpaka mpata womaliza unatsekeka. Ndinamvanso za Mulungu akudzudzula omanga khoma mwachinyengo, opaka njereza pamwamba pa zinthu zosalimba. Tsiku limenelo ndinadziona ndili pakati pa omanga linga aja. Siponji ija ndinaitaya mubini ndi mtima wa munthu amene akuchotsa fano m'kachisi.

Ndinasakaniza simenti yamphamvu kuposa imene ndinkaika pa maziko a nyumba. Ndinaipakira m'mpata uliwonse ndi kachitsulo, kuitsindira mpaka pansi, n'kusalaza pamwamba kuti ifanane ndi miyala. Ndinkaimba pogwira. Msana unandiwawa, mawondo ananyowa, koma ndinali ndisanasangalale chotero chibwerereni kuno.

Nditafika kunyumba mkazi wanga anayang'ana buluku langa n'kunena kuti, "Imwe, mwabwera ndi tchalitchi chonse pa mawondo? Chatsala chiyani kumeneko?"

Ndinamuuza za siponji. Anasiya kupukuta mbale.

"Siponji? Anaiika ndani?"

"Akuba."

"Akuba oika siponji yoyezayeza m'mipata isanu ndi umodzi yofanana? Akuba a kuno ali ndi nthawi, ati."

"Iwe umadziwa za kumanga?"

"Ine sinidziwa. Nifunsa chabe. Munawafunsa amdala a makiyi?"

Ndinati palibe chofunsa. Iye anati chabwino, a injiniya, madzi osamba akonzeka.

Mawa lake Amayi analowa pageti akuimba monga mwa masiku onse, koma atafika pakati pa kanjira analeka. Anauza mwana wawo kuti abwerere m'mbuyo awayendetsenso. Kale chikuku chikamadutsa pamipata paja chinkagunda, iwo n'kumadandaula msana. Tsiku limenelo chinangoyenda ngati pa tala watsopano. Anandiitana pamaso pa anthu onse.

"Bwerani kuno, bambo mmisiri. Ndiye mwakhala mukubisa manja amenewa m'chipatala zaka zonsezi? Mukanandikonzanso miyendoyi ndi simenti yanuyo."

Anthu anaseka, ndipo mlaliki wa tsikulo anandiika m'pemphero lothokoza. Ine ndinaweramitsa mutu ngati wodzichepetsa, koma m'kati ndinali nditaimirira pa mpando.

Mkulu wa makiyi atabwerako anandipeza ndikusesa masamba pakanjirapo. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana pansi. Anagwada movutikira, n'kugogoda simenti yanga ndi kiyi. Inalira ngati mwala. Kenaka anati yalimbadi kwambiri, ndipo zikuoneka kuti ndinagwira ntchito yaikulu. Anafunsa ngati machubu aja ndinawaona. Ndinati ndinawaona, ali bwinobwino, sindinawakhudze. Anati, aa. Kenaka anati chabwino, tiyeni tione mmene zikhalire.

Ndakhala kuno zaka zambiri, koma mpaka lero sindidziwa nthawi imene mzungu wokalamba akukuyamika ndi nthawi imene akulira mumtima. Kwathu mkulu akaona kuti walakwitsa ntchito amakuuza pomwepo, mwina ndi mawu oti sungawabwereze kutchalitchi. Uyu anati yalimbadi. Ndinapita kunyumba n'kuuza mkazi wanga kuti amdala avomereza.

Chisanu chinafika kumayambiriro a Disembala. Mvula inagwa masiku angapo, kenaka kumwamba kunayera, ndipo m'mawa uliwonse magalimoto ankadzuka atachita mbuu. Lamulungu lachiwiri la mweziwo ndinali pakhomo la kumbali ndikugawa mabuku a nyimbo pamene Amayi analowa pageti. Ndinaona zonse. Pa mpata wachitatu, kagudumu kakang'ono kakutsogolo kanagunda chinachake n'kuima. Mwana wawo anali akukankha mwamphamvu chifukwa cha kuzizira. Chikuku chinanyamuka kumbuyo, Amayi anapita kutsogolo, ndipo akanagwa chafufumimba pamiyala mwana wawoyo akanapanda kuwagwira pa kolala ya jasi. Chikwama chawo chinagwa, mankhwala anamwazika, magalasi awo anathyoka mwendo umodzi.

Ndinathamanga. Mwala umodzi unali utatukuka kumbali, msinkhu wa chala chopingasa. M'mbali mwa simenti yanga munali kamng'alu kowonda ngati ulusi, kuyambira uku mpaka uko, ndipo m'menemo munkanyezimira madzi oundana. Ndinayang'ana mipata inayo. Yonse inali ndi kaulusi komweko.

Amayi sanalire. Anapuma kaye, kenaka anati, "Tolani mapilitsi angawo, mukungoyang'ana chiyani? Simunaonepo nkhalamba ikuuluka?"

Tsiku lomwelo mkulu wa makiyi anakhoma geti ndi loko n'kumangapo tepi yofiira ndi yoyera. Anapepesa kwambiri, ngati wolakwa ndi iye. Abale anayi amphamvu anauza Amayi kuti palibe vuto, Lamulungu likudzalo adzawanyamula ndi chikuku chomwe pa masitepe a kutsogolo. Amayi anawayang'ana mmodzimmodzi.

"Amuna adzandinyamula kulowa m'tchalitchi kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo sindidzakhala ndikuona. Pano ayi. Ndinanyamulidwa mokwanira m'chipatala. Geti likatseguka mudzandiuze."

Tinkawadziwa. Akanena atero, atero. Khirisimasi inali itatsala milungu iwiri, ndipo chaka chilichonse Amayi ndi amene ankayambitsa nyimbo yoyamba ya tsikulo, ija ankaimba pa famu ali mtsikana. Chaka chilichonse ankatiuzanso kuti ino ndi yomaliza, ife n'kumaseka. Chaka chimenecho sindinathe kuseka. Mlungu wonse ndikukankha mabedi ndinkangoganiza za chenjezo lija la Ambuye kwa munthu woikira anzake chokhumudwitsa panjira. Ine sindinachiike mophiphiritsa ayi. Ndinachisakaniza ndi manja anga, ndikuimba nyimbo zotamanda.

Chimene chinkandizunguza kwambiri ndi ichi: sindinkadziwa chimene ndinalakwa. Simenti inali yabwino. Mchenga unali wabwino. Ndinapemphera ndisanayambe. Ndikanakhala kuti ndinaba kapena ndinachita ulesi, ndikanadziwa cholapa. Koma munthu ulapa bwanji ntchito imene unaigwira ndi mtima wonse?

Lachinayi ndinali pa ofu, ndiye ndinapita kwa mkulu wa makiyi. Ndinamupeza m'khitchini ya holo. Anandipangira tiyi ndisananene kanthu. Ndinati ndabwera kudzapepesa, koma andiuze kaye chimene chinachitika, chifukwa ine sindikumvetsa.

Anatenga mabisiketi awiri n'kuwaika patebulo moyandikana, kusiya kampata pakati. Anati pansi pa miyala ija pali konkire yothiridwa m'zigawozigawo, ndipo mipata ija inasiyidwa dala. Kukatentha, miyala ndi konkire zimafutukuka, mpata umachepa. Kukazizira zimakhwinyata, mpata umakula. Anasuntha mabisiketi aja uku ndi uku. Chotseka mpatawo chiyenera kukhala chofewa, chotha kutsatira miyala ikamayenda, koma chosalola madzi. Simenti yanga siikanatha kutsatira. Kutazizira miyala inachoka, simenti inatsala, pakati panatseguka kaulusi kaja, mvula inalowa mpaka pansi. Ndipo madzi akaundana amatupa, amanyamula chilichonse chili pamwamba pawo.

Ndinati, "Bambo, mukuti mwala umayenda?"

Anati inde, pang'ono, chaka chilichonse.

"Nanga siponji?"

Anati siponji imaikidwa dala, kuti labala asamire pansi, akhale wopyapyala bwino pakati ndi kugwira m'mbali mokha.

Ndinamwa tiyi uja osamva kukoma. Moyo wanga wonse ndaimba za thanthwe losasunthika. Ndaphunzitsa ana a Sande sukulu za munthu wanzeru amene anakumba mpaka kupeza mwala n'kumangapo nyumba yake. Tsopano nkhalamba iyi, yopemphera Mulungu yemweyo, ikundiuza ndi mabisiketi kuti mwala umapuma ngati chifuwa cha munthu. Ndinafuna kutsutsa, koma mwala wotukuka unali panja, tepi yofiira ikuuluzika pamwamba pake. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze tsiku lija anagogoda ndi kiyi. Anafiira nkhope. Anati ndinkaoneka wosangalala kwambiri, ndipo ankayembekeza kuti mwina chisanu cha chaka chino chikhala chochepa. Anati naye ali ndi mbali yake pa kugwa kwa Amayi. Tinakhala pamenepo amuna awiri, wina wosamva, wina wosanena.

Nditafotokozera mkazi wanga, sanadabwe n'komwe.

"Si mukumbukira botolo la thobwa munaika mufiriza lija? Linaphulika. Munati botolo ndi lachabe."

"Limenelo ndi botolo. Ine ndikunena mwala."

"Nanga khonde la alamu anu ku Matero lija linang'ambika pakati? Munati iwo anaumira simenti."

Khonde limenelo, la ku Lusaka, linali lalitali, ndinalithira lonse tsiku limodzi popanda mpata, ndipo ndinakangana ndi mlamu wanga chaka chathunthu. Kodi nalonso linkafuna popumira? Nanga bambo anga, amene sanasiyepo mpata moyo wawo wonse, analakwa? Kapena miyala ya ku Katete ndi ina? Mpaka pano sindinapeze yankho lokhazika mtima.

Mkulu wa makiyi anavomera kuti ndikonze ndekha, iye akuyang'anira. Choyamba chinali kuchotsa simenti yanga. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti ndinali mmisiri wabwino. Inakana kutuluka. Ndinagwada ndi tchizulo ndi hamala masiku atatu, ndikugogoda pang'onopang'ono kuopa kubenthula miyala, ndikutemberera mphamvu imene ndinkanyadira. Chimene ndinamanga tsiku limodzi ndikuimba, ndinachigumula masiku atatu ndili chete. Mwana wa Amayi anabwera tsiku lina atatsika pa shifiti, tinanyamula mwala wotukuka uja, kukonza pansi pake ndi kuukhazikanso.

"Amayi akuti bwanji?" ndinamufunsa.

"Akuti muwauze a mmisiri asafulumire, Khirisimasi imabwera chaka chilichonse, ndi iwo okha amene sabwera chaka chilichonse."

"Akwiya?"

"Mukuwadziwa. Akuyeserera nyimbo yawo m'bafa tsiku lililonse. Aneba agogoda kale kawiri."

Titatha zimenezo ndinkaganiza kuti chatsala n'chaching'ono, kungofinya machubu. Mkulu wa makiyi anavala magalasi n'kundiwerengera zolembedwa pa chubu. Mpata uyenera kukhala wouma kwenikweni. Kunja kusakhale kozizira kwambiri. Ndipo ukathira, pasagwe mvula mpaka labala atagwira. Ndinayang'ana kumwamba. Mu Disembala, mu London, tinkafuna masiku ouma ndiponso ofunda. Kukayera kunkazizira koopsa. Kukafunda kunkagwa mvula.

Ndiye ndinayamba kupempherera kuti mvula ileke. Sindinachitepo zimenezi chibadwire. Ndine mwana wa alimi. Kwathu Disembala ndi mwezi woyang'ana kumwamba ndi kupempha, ndipo munthu wopempherera dzuwa m'mwezi umenewo angamuyese mfiti. Mlungu womwewo mlongo wanga anaimba foni kuchokera ku Katete. Anati chimanga chamera koma chayamba kupota masamba, mvula yadula, achimwene tithandizeni kupemphera. Ndinalonjeza. M'mawa uliwonse ndisanapite kukakwera basi ndinkagwada pambali pa bedi ndi mapemphero awiri otsutsana m'kamwa. Ambuye, gwetsani mvula. Ambuye, iletseni. Ndinkayesa kulongosola bwino, kuti iyi ndi ya uko, iyi ndi ya kuno, ngati ndikulankhula ndi munthu wa ku positi ofesi amene angasokoneze maadiresi. Tsiku lina mkazi wanga anandimva.

"Imwe, Mulungu mumupatsa mapu?"

Ndinaseka, koma zinkandivuta zoona. Mneneri uja wa m'Malemba anatseka kumwamba ndi pemphero, n'kudzakutsegulanso ndi pemphero, koma iye sanapemphe zonse ziwiri m'mawa umodzi. Ndipo ine ndinali ndani, wopempha kuti nyengo ya mzinda wonse isinthe chifukwa cha kusamva kwanga?

Tinayesa kuthandiza kumwamba. Azimayi a chigwirizano, gulu la mumpingo mwathu, anatibwereka tenti imene amagwiritsa ntchito pa zochitika za panja, tinaiimika pamwamba pa kanjira. Mkazi wanga anandibwereka makina ake oumitsira tsitsi, ndi chenjezo loti akapsa ndisabwere kunyumba. Ndinagwada m'tentimo ndikuumitsa mipata ngati ndikukonza mkwatibwi, anthu odutsa mumsewu akusuzumira pa mpanda. Mipata iwiri inauma. Usiku mphepo inagwetsa tenti, m'mawa tinapeza madzi ali thithithi m'mipata yonse.

Khirisimasi inafika geti lili lokhoma.

Tinapemphera m'holo monga mwa nthawi zonse. Itafika nthawi ya nyimbo yoyamba, panakhala kachetechete, aliyense akudikira mawu amene sanalipo. Mlongo wina anaiyamba, koma anaiyamba pamwamba kwambiri, tinakanika kuifikira. Titaweruka ena a ife tinakwera basi kupita ku fulati ya Amayi ku Thamesmead. Ndinalowa womaliza. Ndinagwada pambali pa chikuku chawo, pamaso pa onse, n'kunena kuti Amayi, ndine ndinakutsekerani panja pa nyumba ya Mulungu, ndikhululukireni.

Anandiyang'ana kudzera m'magalasi aja, mwendo wake atamanga ndi ulusi.

"Mwana wanga, dzukani, mukudetsa buluku labwino. Kukhululuka ndakhululuka kale, ndilibe nthawi yosunga zinthu. Koma Khirisimasi yanga mwadya, imeneyo musaiwale. Anaimba ndani nyimbo yanga?"

Tinawauza.

"Ameneyo? Mayo ine. Ndiye mwalangidwa kale nonse."

Anaiyambanso iwo pomwepo, tinaimba m'kachipinda kodzaza majasi onyowa. Inali bwino, koma sinali m'tchalitchi, ndipo iwo ndi ine tinkadziwa zimenezo.

Masiku ouma anabwera Chaka Chatsopano chitangodutsa, atatu otsatizana, a mitambo koma opanda dontho, ofundirako. Sindikudziwa ngati linali yankho la pemphero langa kapena nyengo chabe. Ku Katete mvula inagwa mlungu womwewo, mochedwa kwa minda ina. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga n'kuthamangira kutchalitchi. Mkulu wa makiyi anakhala pa mpando pafupi nane, bulangete pa mawondo, akundiuza chochita. Ndinasesa mpata uliwonse ndi kaburashi, ndinaumitsanso ndi makina a tsitsi aja. Kenaka anandipatsa siponji yatsopano, yofanana ndendende ndi ija ndinataya. Ndinaikankhira m'mpata ndi zala zanga zomwe, ndipo ndikunena zoona, manja ankakana. Ndinkamva ngati bambo anga aima kumbuyo kwanga. Tinamata tepi m'mbali zonse ziwiri kuti miyala isade. Ndinaika chubu m'chida chake chonga mfuti n'kufinya pang'onopang'ono, labala wotuwa akutuluka ngati phala. Pomaliza mkuluyo anati ndiviike chala m'madzi a sopo ndi kusalaza pamwamba, ndisiye pakati polowa pang'ono. Ntchito yonse ya mipata isanu ndi umodzi sinanditulutse thukuta. Zimenezonso zinandivuta. Sinkaoneka ngati ntchito.

Tinadikira masiku amene chubu chinanena. Loweruka mkulu wa makiyi anayenda kanjira konse akuponda mwala uliwonse, kenaka anamasula tepi yofiira n'kundipatsa ine kiyi wa loko kuti nditsegule.

Lamulungu ndinaima pageti kuyambira anthu asanayambe kufika. Amayi anatulukira pakona atafunda zofunda zitatu. Sanali kuimba. Atafika pa mpata woyamba anakweza dzanja, mwana wawo anaima. Anatenga ndodo yawo imene amakolera zinthu, n'kubaya labala uja. Analowa pang'ono, n'kubwerera. Anabayanso.

"Bambo mmisiri, ichi ndiye mwati cholimba?"

"Akuti chimenechi ndiye chikhalitse, Amayi."

"Akuti? Nanga inu mukuti chiyani?"

"Ine sindikudziwa, Amayi. Akuti miyalayi imayenda."

"Miyala iyenda, ine ayi. Dziko la azungu ili." Anagwedeza mutu n'kutembenukira mwana wawo. "Tiye, iwe, ndazizidwa."

Chikuku chinayenda. Pa mpata uliwonse magudumu ankati du, pang'ono chabe, ndipo ine ndinkayenda pambali mtima uli m'mwamba, ndikuwerenga. Pa wachitatu ndinatseka maso. Chinadutsa. Pa wachinayi Amayi anati ija ya simenti inkayenda bwino kuposa iyi. Pa wachisanu anakonza kukhosi. Pa wachisanu ndi chimodzi anayamba nyimbo ija ya Khirisimasi, mu Januwale, ndipo m'kati anthu anailandira.

Ine ndinatsalira panja pang'ono. Ndinagwada pa mpata wachitatu n'kudina ndi chala chachikulu. Unalowa, unabwerera. Ndinafuna kupemphera koma sindinadziwe kuti ndithokoze chifukwa cha chiyani kwenikweni, chofewa kapena cholimba, mvula kapena kuleka kwake. Ndili chigwadire choncho ndinamva nyimbo yaduka, ndipo mawu a Amayi anatuluka pakhomo.

"A mmisiri! Mwayamba kupembedza miyala tsopano? Lowani mutseke chitseko, mphepo ikutipha muno."

Ndinadzuka, ndinalowa, ndinatseka chitseko.